Mamita 50 mbali zonse: masamu obisika m'munda wa ku Zemba

Mwezi wa Okutobala ukafika ku Zemba, m'boma la Chadiza, dzuwa limaswa mtengo ndipo nkhani za pamudzi zimakhala za kumunda basi: wasosa ndani, wamaliza kukumba maenje ndani, feteleza wa ndondomeko ya boma ya FISP afika liti. Nyengo yomweyi ndi yabwino kufunsa funso lina losavuta kulimva koma lopunthwitsa ngakhale anthu a satifiketi. Hekitala ndi munda wa mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi. Nanga theka la hekitala ndi mamita angati mbali iliyonse? Pakamwa pamafulumira kunena kuti 50 ndi 50, poti theka la 100 ndi 50. Yankho limeneli ndi lolakwika, ndipo mlimi wa chigawo cha kum'mawa kwa Zambia amadziwa chifukwa chake, popeza munda wa mamita 50 mbali zonse uli ndi dzina lake. Imeneyo ndi lima, ndipo mu hekitala mumalowa malima anayi, osati awiri.

Muyeso wa lima udafala ndi ndondomeko ya boma yotchedwa Lima, yomwe idayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Kenneth Kaunda ali pampando. Alangizi a zaulimi adaona kuti malangizo olembedwa m'mahekitala sankathandiza munthu wolima ndi khasu, ndiye adaduladula hekitala kukhala tizigawo toti banja limodzi lingakwanitse, napatsa alimi chingwe chokhala ndi zizindikiro komanso kakapu koyezera feteleza. Malangizo ofala a chimanga amati matumba anayi a D Compound ndi anayi a urea pa hekitala. Pa lima zimatuluka bwinobwino popanda zotsalira: thumba limodzi la wapansi, thumba limodzi la wapamwamba, ndi mbewu yokwana makilogalamu asanu. Ndondomekoyo idatha kale, koma muyeso wake udakhazikika m'kamwa mwa anthu.

Chimene chikuchitika apa n'chimene aphunzitsi a masamu amachitcha sikweya, kutanthauza nambala yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. Munthu atati ayale pansi timabwalo ta mita imodzi mbali zonse, mu lima angayale mizere 50, mzere uliwonse timabwalo 50. Zonse pamodzi ndi 2,500. Mu hekitala ndi mizere 100 ya timabwalo 100, zomwe ndi 10,000. Mbali yangowirikiza kawiri, koma malo awirikiza kanayi, chifukwa munda wakula m'litali ndi m'lifupi momwe. Mbali ikawirikiza katatu, malo amawirikiza kasanu n'kanayi.

Zimenezi si nkhani ya m'kalasi yokha, zimakhudza thumba la munthu. Waganyu ndi mwinimunda akapangana mtengo wopalira lima imodzi, kawirikawiri amayeza ndi mapazi, ndipo mapazi a anthu safanana. Woyezayo akakhala wamtali, n'kupezeka kuti malo odulidwawo ndi mamita 55 mbali zonse, pamaso sipaoneka kusiyana kwenikweni. Mamita asanu n'chiyani? Koma 55 kuchulukitsa ndi 55 ndi 3,025. Waganyu uja wapalira masikweya mita 525 kwaulere, kuposa gawo limodzi mwa magawo asanu a lima yonse. Zikatembenuka, malo n'kukhala mamita 40 mbali zonse, ndiye kuti ndi 1,600 okha, ndipo mwinimunda walipira ntchito yosafika ngakhale magawo awiri mwa atatu a zomwe adapangana. Feteleza nayenso amatsata njira yomweyi. Thumba loyenera malo a 2,500 likamwazidwa pa munda wa mamita 60 mbali zonse, womwe ndi 3,600, chimanga chimachita chikasu, ndipo mlandu umagwera mvula kapena kampani ya mbewu pomwe cholakwa chidali m'kayezedwe.

Cholakwika chimenechi n'chakale kwambiri. Zaka zoposa 2,300 zapitazo, Mgiriki wina wotchuka, Plato, adalemba buku lotchedwa Meno, momwe mphunzitsi wake Socrates akufunsa mnyamata wosaphunzira kuti apeze bwalo lalikulu kawiri kuposa la mapazi awiri mbali zonse. Mnyamatayo akuyankha molimba mtima kuti mbali ikhale mapazi anayi, kenaka akudzionera yekha kuti bwalo lake lakula kanayi. Akuyesa mapazi atatu, osathekabe. Pomaliza akupeza kuti mbali yofunikayo idali pomwepo nthawi yonseyi: ndi mzere wodutsa pakati, wochoka pa ngodya imodzi kukafika pa ngodya yopingasana nayo.

Ku Zemba mzere umenewu ndi kanjira kachidule komwe ana amapondaponda m'munda chimanga chikakololedwa. Wozungulira m'mphepete mwa lima amayenda mamita 100 kuti akafike pa ngodya ya tsidya, pomwe wodutsa pakati amayenda pafupifupi 71. Ndipo 71 yemweyo ndiye yankho la funso la theka la hekitala. Theka la hekitala ndi masikweya mita 5,000, choncho pakufunika nambala yoti ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ipereke 5,000. Nambala 70 ikupereka 4,900, yaperewera. Nambala 71 ikupereka 5,041, yapitirira pang'ono. Yankho lili pakati pake, pa 70.7. Kufunafuna kotereku, koyambira pa kukula kwa malo n'kubwerera ku utali wa mbali, ndiye sikweya ruti. Sikweya ruti ya 2,500 ndi 50, ya 10,000 ndi 100, ya 81 ndi 9. Manambala ambiri alibe yankho lathunthu chotero, ndipo la 5,000 silithera paliponse ngakhale munthu alembe manambala a pambuyo pa dontho mpaka pepala kudzaza.

Ku yunivesite ya Yale ku America kuli kaphale ka dongo kokwana m'chikhatho, kolembedwa ku Mesopotamia, komwe lero ndi Iraq, pakati pa zaka za 1800 ndi 1600 Yesu asanabadwe. Pa kaphaleko, kodziwika ndi nambala yakuti YBC 7289, padajambulidwa bwalo la mbali zinayi zofanana ndi mizere yake iwiri yodutsa pakati, ndipo pa mzere umodzi padalembedwa sikweya ruti ya 2. Ikasinthidwa kukhala m'manambala a masiku ano imayamba ndi 1.41421, zomwe n'zolondola ndithu. Akatswiri amakhulupirira kuti ndi ntchito ya mwana wa sukulu. Wochulukitsa 50 ndi 1.414 apeza 70.7 uja.

Kungodutsa malire a Mwami kulowa ku Mchinji, mlimi wa ku Malawi amalankhula za maekala, ndipo ambiri amadziwa kuti ekala ndi masitepe 70 uku ndi 70 uku. Ochepa ndi amene amafunsa komwe 70 ameneyu adachokera. Ekala ya Angerezi ndi masikweya yadi 4,840, ndipo sikweya ruti ya 4,840 ndi 69.6. Sitepe yaikulu ya munthu wamkulu imayandikira yadi imodzi, ndiye wina adangokweza 69.6 kukhala 70 kuti asavute kukumbukira. M'mamita, ekala ndi 4,047. Wofuna kudziwa mbali yake popanda foni angachite zomwe akale ankachita: kungoponya nambala yoyerekeza, monga 60, kugawa 4,047 ndi 60, zomwe zikupereka 67 ndi kanthu, kenaka kutenga nambala ya pakati pa 60 ndi 67.4. Ikutuluka 63.7, pomwe yankho lenileni ndi 63.6. Nzeru yake njosavuta. Ngati nambala yoponyedwayo yachepa, yotuluka pogawa imakula, ndiye choonadi chimakhala pakati pa ziwirizo. Wobwereza kachiwiri amafika pafupi koposa.

Amisiri omanga nyumba ndiwo amagwiritsa ntchito masikweya tsiku ndi tsiku, ngakhale ambiri sawatchula dzina. Asanakumbe maziko, mmisiri amakhoma zikhomo, kumanga twaini, n'kuyeza mamita atatu pa chingwe chimodzi ndi anayi pa chinzake kuchokera pa ngodya. Mpata wa pakati pa zizindikiro ziwirizo ukakwana mamita asanu, ngodya yaongoka. Ukapanda kukwana, amasuntha chikhomo. Chinsinsi n'chakuti sikweya ya 3 ndi 9, ya 4 ndi 16, ndipo 9 kuphatikiza 16 ndi 25, yemwe ndi sikweya ya 5. Malo akachepa amayeza masentimita 60, 80 ndi 100. Nyumba ya mamita 6 ndi 8 mzere wake wodutsa pakati uyenera kukhala 10. Chipinda cha mamita 5 ndi 7 chimafuna kuwerenga pang'ono: 25 kuphatikiza 49 ndi 74, ndipo sikweya ruti ya 74 ili pakati pa 8 ndi 9, pa 8.6. M'mabuku lamuloli limatchedwa la Pythagoras, ngakhale Ababulo adalidziwa zaka zoposa 1,000 iye asanabadwe. Mmisiri wolinyalanyaza amaululika pa tsiku lokhoma malata, pamene denga likukana kugona bwino pa zipupa.

Paulus Gerdes, katswiri wa masamu wobadwira ku Netherlands amene adakhazikika ku Mozambique kuyambira 1976 mpaka imfa yake mu 2014, adalemba za njira ina yomwe adaiona kwa anthu a kumidzi a m'dzikolo. Iwo amagoneka pansi nsungwi zinayi, ziwiri zazitali zofanana ndi ziwiri zazifupi zofanana, amazimanga m'ngodya, kenaka amazisuntha mpaka chingwe chitaonetsa kuti mizere iwiri yodutsa pakati yafanana. Palibe nambala yotchulidwa, koma ngodya zonse zinayi zimaongoka. Gerdes ankalimbikira kunena kuti sukulu za mu Africa zimataya mwayi waukulu poyamba masamu ngati kuti mwana wabwera wopanda kanthu m'mutu, pomwe kwawo amaona kuluka madengu, kumanga nyumba ndi kusewera nsolo. Bawo la ku Malawi, mwachitsanzo, lili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, onse 32, ndipo limaseweredwa ndi nkhomo 64. Wosewera waluso amadziwiratu dzenje lomwe dzanja lake likathere asanatole n'komwe.

Komabe zonsezi zimayenda ngati munthu ali ndi matebulo m'mutu. Tebulo la kuchulukitsa, lomwe limasindikizidwa kuchikuto cha kumbuyo kwa makope ambiri a ana a sukulu, limathera pa 12 kuchulukitsa ndi 12. Chifukwa chake si masamu, ndi mbiri. Kufikira pa 16 Januwale 1968, pamene kwacha ndi ngwee zidayamba, Zambia inkagwiritsa ntchito mapaundi, masheleni ndi mapeni, ndipo sheleni imodzi idali mapeni 12. Malawi adasintha mu 1971. Phazi la muyeso wa Angerezi nalonso ndi mainchesi 12, dazeni ndi zinthu 12. Kalaliki wa sitolo wa nthawi imeneyo sakadagwira ntchito popanda tebulo la 12. Anthu a ku China, omwe ankawerenga m'makumi, adali ndi tebulo lawo lolembedwa pa timizere ta nsungwi cha m'ma 305 Yesu asanabadwe, ndipo timizereto tikusungidwa ku yunivesite ya Tsinghua ku Beijing.

Mwana akaliyang'ana tebulolo amaona manambala 144 ndipo mtima umagwa. Wina akadamuuza kuti pafupifupi theka lake ndi lobwereza. Mizere isanu ndi iwiri ya mapando asanu ndi atatu ndi chimodzimodzi mizere isanu ndi itatu ya mapando asanu ndi awiri, kungoti munthu waima mbali ina ya munda. Zobwereza zikachotsedwa pamatsala 78. Tebulo la 1 ndi la 10 safuna kuloweza, ndiye patsala 55. La 2 n'kungowirikiza, la 5 limathera pa 5 kapena 0, la 11 limabwereza nambala mpaka pa 99. Akachoka amenewa patsala 28. Tebulo la 9 nalo lili ndi chizindikiro chake: kuyambira 9 mpaka 90, manambala awiri a yankho akaphatikizidwa amapereka 9, monga 27, 36, 63. Zofunika kulimbana nazo zenizeni ndi 21, ndipo zozunza kwambiri ndi zochepa, monga 6 ndi 7, 6 ndi 8, 7 ndi 8. Yomalizayi imakumbukika poona kuti 56 ndi 7 kuchulukitsa ndi 8, manambala ake akungotsatana: 5, 6, 7, 8.

Masikweya ali pa mzere wodutsa pakati pa tebulolo, kuchoka pa ngodya ya kumwamba kumanzere kutsikira kumanja: 1, 4, 9, 16, 25, 36, 49, 64, 81, 100, 121, 144. Mipata ya pakati pawo ndi 3, 5, 7, 9, 11, kumangokwera ndi awiri. Woyala njerwa kapena zitsekerero za mabotolo pansi amaona chifukwa chake ndi maso. Kuti bwalo la 4 ndi 4 likhale la 5 ndi 5 pamafunika zinayi m'mbali, zinayi pansi ndi chimodzi pa ngodya, zonse 9. Choncho wodziwa kuti sikweya ya 50 ndi 2,500 sayambiranso kuti apeze ya 51. Amangowonjezera 50, 50 ndi 1, n'kupeza 2,601. Manambala othera ndi 5 ali ndi chidule chawo: pa 35, munthu amachulukitsa 3 ndi nambala yotsatira, 4, n'kupeza 12, kenaka amalemba 25 kumapeto, 1,225. Pa 55 ndi 5 kuchulukitsa ndi 6, kenaka 25, ndiye 3,025 wa waganyu uja.

Phindu la masikweya limaonekera bwino pa depoti. Mu 2024 bungwe la Food Reserve Agency lidaika mtengo wa K330 pa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Mlimi amene adapulumuka chilala cha chaka chimenecho, n'kupereka matumba 37, ayenera kuchulukitsa 37 ndi 33, kenaka kuwonjezera ziro. Manambala awiriwa ali pa mtunda wofanana kuchokera pa 35, wina pamwamba ndi 2, wina pansi ndi 2. Zikatere munthu amatenga sikweya ya 35, yomwe ndi 1,225, n'kuchotsapo sikweya ya 2, yomwe ndi 4. Patsala 1,221, ndiye ndalama zake ndi K12,210. Chidulechi chimagwira paliponse: 6 kuchulukitsa ndi 8 ndi 49 kuchotsa 1, pomwe 48 kuchulukitsa ndi 52 ndi 2,500 kuchotsa 4. Ababulo, omwe ankawerenga m'magulu a 60 ndipo adatisiyira mphindi 60 za ola, adali ndi maphale a dongo ondandalika masikweya mpaka pa 59.

Wina anganene kuti foni iliyonse ili ndi kakyuleta. N'zoona, koma foni imayankha zomwe chala chalemba. Chala chikadumpha ziro, foni idzanena K1,221 mosachita manyazi, ndipo wolandira yankholo ndi amene alibe chithunzi cha kukula kwa nambala yoyembekezeka. Anthu a ku Zambia adaziona zimenezi mu Januwale 2013, pamene kwacha idachotsedwa maziro atatu ndipo K50,000 idasanduka K50. Amene ankadziwa kugawa ndi 1,000 m'mutu sadavutike pa msika.

M'masukulu nkhani si yokoma. Pa mayeso a PISA for Development, omwe zotsatira zake zidatuluka mu 2018, ana a zaka 15 a m'sukulu za ku Zambia omwe adafika pa mlingo wochepetsetsa wovomerezeka pa masamu adali pafupifupi awiri okha pa 100 aliwonse. Unduna wa zamaphunziro udayamba mu 2016 kuyesa ndondomeko ya Catch Up m'maboma a Chipata, Katete, Monze ndi Pemba, potengera njira ya bungwe la Pratham la ku India, ndipo pambuyo pake idafalikira m'masukulu a chigawo cha kum'mawa ndi cha kumwera. Ana a Giredi 3 mpaka 5 amagawidwa m'magulu potengera zomwe akutha, osati kalasi yomwe ali, ndipo amawerenga ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi. Pali anthu amene amati kuloweza matebulo ndi maphunziro achikale ofunika kutayidwa, ena amati ana a lero alowerera chifukwa sayimbanso matebulo m'mawa. Mbali zonse ziwiri zagwira theka la nkhani. Mwana woyimba matebulo koma osadziwa kuti 7 ndi 8 ndi mizere ndi mapando amasowa pogwira akaiwala mawu amodzi a nyimboyo. Koma naye womvetsa amene amajambula timizere 56 nthawi iliyonse sangafike pa sikweya ruti, chifukwa kuti munthu aone kuti 74 ili pakati pa 64 ndi 81 ayenera kukhala ndi 64 ndi 81 pafupi.

Kuwerengera mbewu kumafuna zonse ziwiri. Mu lima ya mizere yotalikirana masentimita 90 mumalowa mizere 55. Mapando akatalikirana masentimita 25, mzere uliwonse umakhala ndi 200. Ndiye mapesi 11,000 pa lima, 44,000 pa hekitala. Wosendeza mizere kufika masentimita 75, monga amachitira alimi ambiri a ku Malawi otsata njira ya Sasakawa, amapeza mapesi opitirira 53,000 pa hekitala yomweyo.

Zinthu zozungulira nazo zimamvera lamulo la sikweya, ndipo apa m'pamene diso limanyengeka kwambiri. Nkhokwe ya mamita atatu m'mimba mwake imaoneka yoposa pang'ono ya mamita awiri, koma zikafanana msinkhu, yaikuluyo imalowa chimanga choposa kawiri, chifukwa kufanizira kwake ndi 9 kwa 4, osati 3 kwa 2. Paipi ya mainchesi awiri yothirira kudimba ili ndi kamwa lalikulu kanayi kuposa ya inchi imodzi, n'chifukwa chake wogula yaing'ono pofuna kupulumutsa ndalama amadabwa pampu ikulira tsiku lonse madzi osafika kumapeto kwa mabedi. Banja lofuna nkhokwe yolowa chimanga chowirikiza kawiri cha chaka chatha, popanda kuikweza msinkhu, lisawirikize m'mimba mwake. Lichulukitse ndi 1.41, ndipo ya mamita awiri ikhala ya mamita 2.8.